Leticia Akonza Gitala Yosawonongeka

1. Katswiri wa materemu awiri

Leticia anatsika minibasi pa Chiponde Lachitatu masana, miyendo itachita dzanzi chifukwa chopanikizana ndi matumba a usipa kuchokera ku Mangochi. Anali wa Fomu 3 pa sukulu ina yogonera komweko. Aphunzitsi aakulu anamupatsa masiku anayi chifukwa mchimwene wake, Mtendere, ankakwatira Loweruka.

M'chikwama mwake munali diresi loti akavale pa ukwatiwo. M'mutu mwake munali gitala yokhayokha.

Mtsikanayu anali ataphunzira gitala materemu awiri ku kalabu ya zoimbaimba ya pasukulupo. Ankadziwa makodi asanu ndi awiri, ndiye kuti njira zisanu ndi ziwiri zoikira zala pamawaya kuti amveke mogwirizana. Tsiku lina mphunzitsi wawo, bambo Simioni, anamuyamikira pamaso pa anzake kuti ali ndi khutu lakuthwa. Kuyambira tsiku limenelo Leticia sankamvanso za munthu. Wailesi ikaimba, iye ankapezamo cholakwika. Kwaya ya kutchalitchi ikayamba nyimbo, iye ankatsinzina diso limodzi ngati wadya bwemba.

Pakhomo pawo panali gitala imodzi, ya agogo ake aamuna, a Pedro. Iwowa anawoloka malire kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, atagwira padzanja mwana wawo Ana, amene pano ndi mayi ake a Leticia. Dzanja lawo lamanzere linafika kuno lili ndi zala zitatu zokha. Za zala ziwiri zinazo sankakonda kukamba.

Komabe ankaimba. Ankakhala pampando, n'kugoneka gitala pamiyendo, n'kumayendetsa kabotolo kakang'ono pamwamba pa mawaya. Gitala inkalira ngati munthu. Akuluakulu ankati kumeneko ndiko kuimba kwa hauyani.

M'banjamo munali mwambo. Munthu akakwatiwa kapena kukwatira pakhomopo, a Pedro ankamulandira ndi nyimbo imodzi, yomweyomweyo chaka ndi chaka. Usanaimbiridwe nyimboyo unali mlendo ndithu, ngakhale utasainitsa mabuku onse a kutchalitchi. Tsopano Loweruka inali nthawi ya Keti, mwana wa asodzi a ku Nkopola.

Vuto linali limodzi. Zaka zitatu zapitazi makutu a agogowo anali atayamba kutseka. Iwo sankavomera. Ankati anthu a masiku ano ndi amene amalankhulira m'mphuno.

2. Chenjezo

Leticia atangopereka moni n'kumwa madzi, anakapachula gitala pamsomali. Naye anali atakonza nyimbo yake yoti adzidzimutse nayo mchimwene wake pa ukwati. Anaika zala pa kodi yoyamba imene aliyense amaphunzira, n'kuliza.

Zimene zinamveka zinathamangitsa nkhuku pakhonde.

Anayesa kodi ina. Zinali chimodzimodzi. Anapukusa mutu ngati dokotala woona wodwala amene abale achedwa naye.

"Agogo!" anakuwa motero. "Gitala yanuyi yasokonekera yonse! Ndikukonzereni?"

A Pedro anali pansi pa mtengo wa mango, akusoka thumba. Anamukodola ndi dzanja. Monga amachitira agogo ndi adzukulu, ankamutchula kuti mkazi wawo.

"Takhala apa, mkazi wanga, undimvere bwino. Gitala iyi uziimba mmene ungafunire, ine sindikukaniza. Ukafuna uigoneke, ukafuna uinyamule pachifuwa ngati a pa kanema. Koma makiyi awa okungira mawaya, asanu ndi mmodzi awa, usawagwire. Ya kusukulu kwanu inakungidwa kuti zala zinayi zizivutika. Iyi inakungidwa kuti izigwira ntchito yokha. Taona."

Anaitenga n'kuliza mawaya onse kamodzi, dzanja lamanzere lili m'mwamba. Panamveka mawu odzaza bwino, ogwirizana kuyambira waya wamng'ono mpaka wamkulu.

"Waona? Sindinagwire paliponse, koma yalankhula kale zomveka. Ntchito yanga ndi kungoyendetsa botolo, kukwera, kutsika, basi. Amene anaikunga chonchi ndi achimwene anga, a Nelson, chaka chimene tinafika kuno. Anandiona ndikungokhala ndwii ndi dzanja langali, osalankhula ndi munthu. Anatenga gitala n'kukhala nayo masiku atatu, kupotokola, kumvera, kupotokolanso. Tsiku lachitatu anandipatsa, amvekere, 'Pedro, zala zimene zatsalazi zikwana.' Chiyambire tsiku limenelo sindinasunthepo mawaya onse nthawi imodzi. Wina akaduka ndimasintha yekhayo, anzake n'kumuuza pokhala. Nanga ukawasuntha onse, afunsa ndani? A Nelson anabwerera kwathu nkhondo itatha, ndipo anagona komweko. Ndiye ndati makiyiwa usawagwire. Wamva?"

"Ndamva, agogo," anatero Leticia.

Anayankha ndi pakamwa pokha. Mumtima anati nkhani ndi yabwino, koma gitala ndi gitala, ndipo bambo Simioni sananenepo kuti pali kakungidwe kena.

3. Kuwala kobiriwira

Lachinayi m'mawa pakhomo panatsala zii. Mtendere anakweza agogo pa njinga yamoto kupita kwa telala kukayesa jekete. A Ana anapita kumsika kukagula anyezi ndi mafuta. Leticia anauzidwa kuti asese ndi kutsuka mabeseni.

Anasesa mofulumira kuposa masiku onse. Kenaka anatenga foni yake, imene inkatsala kunyumba iye akakhala kusukulu. M'fonimo anaikamo kapulogalamu kotchunira gitala, konga kamene bambo Simioni ankagwiritsa ntchito. Ukaliza waya, kamakuuza ngati wakwera kapena watsika. Waya akafika pake, kamayaka mobiriwira.

"Ndingobwereka pang'ono," anadziuza yekha. "Ndikamaliza ndibwezera."

Anayamba ndi waya wamkulu. Kiyi wake anali wouma ndi dzimbiri, mpaka anachita kumugwira ndi nsalu. Anapotokola, anapotokolanso, foni n'kuyaka mobiriwira. Anapita pa wachiwiri, wachitatu, mpaka onse asanu ndi mmodzi. Sizinatenge mphindi khumi.

Ataika zala pa kodi ija, gitala inamveka bwino ngati ya kusukulu. Leticia anasangalala kwambiri. Anaimba nyimbo ya mchimwene wake kanayi, ndipo ulendo wachinayi anaimirira n'kuweramira mabeseni ngati ndi anthu oombera m'manja.

Dzuwa litakwera anakumbukira lonjezo lake. Anagwira kiyi woyamba kuti abwezere. Apa m'pamene anaima.

Kodi anapotokola kangati? Waya wachiwiri anamukweza kapena anamutsitsa? Nanga wachitatu anamugwira n'komwe? Foni ikanatha kumuuza pamene waya aliyense anali poyamba, akanaifunsa asanayambe. Koma iye sanafunse, ndipo sanalembe paliponse. Munthu salemba zinthu zimene wagamula kale kuti n'zolakwika.

Anayesa kukumbukira mawu aja anamva dzulo lake. Anatsitsa apa, anakweza apo. Akakonza awiri, wachitatu ankakana. Pamene njinga yamoto inkamveka kumsewu, gitala sinali ya kusukulu ndipo sinali ya a Nelson.

Anaipachika pamsomali n'kuthamangira ku mabeseni.

4. Agogo aimbira azimayi

Masana a tsikulo azimayi oyandikana nawo anabwera kudzathandiza kupeta ndi kusankha mpunga wa ukwati. Anakhala pamikeka ndi malichero awo, nkhani zili pakamwa. A Pedro anatuluka atavala jekete latsopano, ngakhale kunkatentha, kuti anthu alione.

"Ogwira ntchito amafunika nyimbo," anatero. "Mkazi wanga, tandipatsa gitala."

Leticia anaibweretsa. Agogo anaigoneka pamiyendo, anatulutsa kabotolo m'thumba, n'kutsinzina.

Zimene zinatuluka zinali ngati chitseko cha malata chikukhulana ndi simenti. Malichero anaima. Mayi wina anatsokomola. Wina anaweramira mumpunga ngati wataya ndolo mmenemo.

Koma a Pedro ankamwetulira. Manja awo ankayenda mmene ayendera zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo nyimbo imene ankaimva inali ya m'mutu mwawo. Anaimba mpaka kumapeto, akugwedeza phewa.

"Mawaya auma lero, n'kutenthaku," anatero akupukuta kabotolo. "Koma Loweruka a ku Nkopola adziwa kuti kumtunda kuno kulinso anthu!"

Azimayi anaomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Patapita nthawi, Leticia ankadutsa kuseri kwa khitchini atanyamula lichero. Anapeza mayi ake akulankhula ndi Mtendere motsitsa mawu. Sanamubisire, poti ankamuona ngati wamkulu tsopano.

"Ababa aipotokola okha osamva," ankatero a Ana. "Kale waya akatsika pang'ono ndinkawauza, iwo n'kukonza. Koma izi zapitirira. Mtendere, Loweruka sangaimbe. Sindingalole kuti alendo adzawaseke pakhomo pawo pomwe."

"Nanga Keti?" anafunsa Mtendere. "Ndinamuuza kale za nyimboyo. Mayi ake akuidikira."

"Mudzaika za pa sipika. Ine mawa ndiwauza ababa kuti pulogalamu yadzaza. Gitalayo tikaisungitse kwa aneba mpaka alendo atapita." A Ana anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndimadziwa kuti tsikuli lidzafika, koma sindimati ndi chaka chino."

Leticia anaima ndi lichero lake. Akanangokhala chete, palibe akanamuganizira. Mlandu unali utagwera kale pa ukalamba, ndipo ukalamba sudzikanira. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi ndi mantha akewo. Tsiku limenelo sananene kanthu.

5. Kuulula kokuwa

Lachisanu m'mawa a Pedro anakhala pakhonde akupolisha nsapato za ukwati. A Ana anali atamanga kale chitenje kuti akawauze za pulogalamu yodzaza ija. Leticia anawadutsa n'kukagwada pafupi ndi agogo ake.

"Agogo, ndinagwira makiyi," ananong'ona.

"Wati makeke? Afika kale?"

"Ndati ndinagwira makiyi a gitala."

"Talankhula ngati wadya, mwana iwe."

Zinthu zina munthu amafuna kuzinena motsitsa, koma apa panalibe njira. Leticia anakoka mpweya n'kukuwa mpaka aneba anamva.

"Ndinapotokola makiyi onse a gitala yanu dzulo! Ndine ndaisokoneza! Si inu ayi!"

A Ana anaima pakati pa bwalo. Mtendere anasiya kupopa tayala. A Pedro anaika nsapato pansi pang'onopang'ono.

"Kaitenge."

Atailandira, anachita chinthu chimene Leticia anali asanachionepo. Anaweramira kumutu kwa gitala, kumene kuli makiyi, n'kuluma thabwalo ndi mano. Kenaka analiza mawaya. Mawu amene makutu ankawakana anadzera m'mano n'kufika. Nkhope yawo inasintha.

"Ndiye dzulo ndimaimba zimenezi?"

"Eya, agogo."

"Pamaso pa azimayi onse aja?"

"Eya."

"Ndipo anandiombera m'manja." Anayang'ana a Ana, kenaka Mtendere. Onse awiri anayang'ana pansi.

Agogo anagoneka gitala pamiyendo. Atayamba kulankhula, mawu awo sanali aukali, ndipo zimenezi zinamupweteka Leticia kuposa kukalipiridwa.

"Mkazi wanga, sukulu ndi yabwino, ndipo ine ndine ndinakakamira kuti upite. Koma kumeneko akuphunzitsani njira imodzi, sanakuuzeni kuti njira zatha. Ukapeza chinthu chakhala mosiyana ndi mmene ukudziwira, yamba wafunsa kuti anachiika chonchi ndani, ndipo ankathawa vuto lanji. Ukadzakhala namwino udzapeza nkhalamba ikumwa mankhwala mwanjira yakeyake. Ukadzakwatiwa udzapeza apongozi akuika mitsuko malo amene iwe sungaike. Funsa kaye. Mwina alakwitsadi, ndiye udzawakonza bwino utamva. Mwina pali chifukwa chimene iwe sunabadwe n'komwe pamene chinkayamba. Ndipo ngati manja akuyabwa kwambiri moti sungapirire, lemba kaye mmene wachipezera. Kumasula n'kosavuta, ngakhale mbuzi imamasula chingwe."

Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndipo iwe Ana, ndi iwe Mtendere. Mwanayu walakwa, koma wandiuza. Inu mumati muchite nane chiyani? Mundiombere m'manja mpaka kumanda? Makutu anga anapita, ndikudziwa. Ndimakana chifukwa cha manyazi. Kuyambira lero, ndikalakwitsa muzindiuza mokuwa ngati mmene wachitira uyu."

Aka kanali koyamba a Pedro kuvomera za makutu awo. A Ana anakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo Leticia analira nawo.

6. Fikani kuno

"Misozi siikunga gitala," anatero agogo patapita kanthawi. "Ana, sendera. Iwe uli ndi mawu, uyu ali ndi khutu, ine ndili ndi mano. Tiyese."

Anafotokoza kuti a Nelson sankadziwa zilembo za nyimbo, koma anasiya chokumbukira. Nyimbo yolandirira ija imayamba ndi mawu akuti "Fikani kuno". Mawuwo amatsika masitepe asanu, ndipo sitepe iliyonse ndi waya wake, kuyambira wamng'ono.

"Uimbe pang'onopang'ono, ukoke mawu aliwonse mpaka uyu akupeze."

A Ana anapukuta nkhope n'kuyamba. "Fiii..." Leticia analiza waya wamng'ono n'kumatsitsa kiyi pang'onopang'ono, mpaka waya ndi mawu a mayi ake zinakhala chinthu chimodzi. Agogo analuma thabwa, analiza, n'kugwedeza mutu.

"Ameneyo. Pita kwa mnzake."

"Kaaa..." Wachiwiri sanavute. Wachitatu naye. Wachinayi anawatengera nthawi chifukwa a Ana ankaseka akaona bambo awo ataluma gitala ngati chinangwa. Wachisanu anali wotsika kwambiri moti mawu a mayi sakanafika, choncho a Ana anaimba chapamwamba, Leticia n'kufunafuna mawu omwewo chapansi.

Atatha, analiza asanuwo pamodzi osagwira paliponse. Mawu odzaza aja anabwerera pakhonde. Mtendere anaponya chipewa m'mwamba.

Ulendo uno Leticia anayatsa foni, osati kuti imulamule koma kuti imuuze dzina la waya aliyense. Analemba m'kope lake la masamu: D, B, G, D, G. Analembanso kachiwiri patsamba lina.

Panatsala waya wachisanu ndi chimodzi, wamkulu uja.

"Ameneyu alibe mawu ake m'nyimbo," anatero a Pedro. "Saimbidwa ndi pakamwa. Pakati pa nyimbo tonse timakhala chete, ine n'kumumenya ndi chala chachikulu kanayi. Pamenepo m'pamene a Nelson ankayankha ndi gitala yawo tikamaimba awiri. Atapita, anandisiyira yankho lawolo pa waya ameneyu."

Leticia anaimbira foni bambo Simioni n'kuwawerengera zilembo zija. Ankayembekezera kuti adabwa.

"Aa, kumeneko ndi kutchuna kotsegula," anatero aphunzitsiwo. "Kulipo, ndipo anthu amaimba choncho m'maiko ambiri. Ndimati ndidzakuphunzitseni mu Fomu 4. Wamkuluyo umuike pa D, ndi mmene ambiri amachitira. Koma ufunse eni ake, chifukwa aliyense amakhala ndi kakungidwe kake."

Anamuika pa D. Zinamveka bwino ndithu, ndipo Leticia anayamba kumwetulira. Agogo analuma, anamenya kanayi, n'kupukusa mutu.

"Zikukoma. Koma si a Nelson."

Anamutsitsa. Anamukweza. A Ana ankati mwina ndi apa, Mtendere ankati ayi, kunali kotsikirapo. Onse anaumva wayayo moyo wawo wonse, koma palibe anayesapo kumuimba ndi pakamwa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, alendo oyamba n'kuyamba kufika.

Pomaliza a Pedro anachotsa pakamwa pa gitala. Nsagwada zinali zitatopa.

"Ndikamukweza ndikumva ngati ndi pomwepo. Ndikamutsitsa ndikumvanso ngati ndi pomwepo. Ndasokonezeka, ana inu. Mumasule akhale lende. Sindingaike mawu abodza m'kamwa mwa achimwene anga."

7. Kanayi

Loweruka lole ya ku Nkopola inafika itadzaza anthu, nyimbo ndi madengu a chambo chowamba. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi. Cha m'ma 2 koloko Keti anafika pachipata cha pakhomo atagwirana mkono ndi Mtendere, ndipo sipika inazimitsidwa.

A Pedro anakhala pampando wawo, jekete lili pathupi, gitala ili pamiyendo. Asanayambe anayang'ana Leticia. Iye analiza mawaya asanu aja, anamvetsera, n'kugwedeza mutu kuti ali bwino.

Kabotolo kanatsetsereka, gitala n'kuyamba kulira. A Ana anatsogolera, banja lonse n'kulandira.

"Fikani kuno, khomo n'lotsegula,
tulani katundu, mwayenda kutali."

Keti anayenda pang'onopang'ono, misozi ili m'masaya. Mayi ake anagwira pachifuwa. Msodzi wina wachikulire, amene ankaoneka kuti wamva magitala ambiri m'malo ogona alendo a kunyanja, anasendera kutsogolo kuti aone bwino dzanja la zala zitatulo.

Nyimbo inafika pakati. Oimba onse anakhala chete monga mwa masiku onse. Chala chachikulu cha a Pedro chinakwera pamwamba pa waya wolendewera uja, n'kuima m'malere.

Leticia anawerenga mumtima. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kanayi. Panalibe chinamveka.

Kenaka nyimbo inapitirira. Alendo a ku Nkopola anayesa kuti kumeneko ndi kukometsa. Nthungululu zinalira, ndipo msodzi uja anakuwa kuti, "Madala awa ndi akatswiri, amadziwa ndi poima pomwe!" Koma a pakhomopo sanalulute. A Ana anayang'ana kumbali. Leticia anamva chisoni chimene anali asanachimvepo chibadwire.

Keti anagwada pamaso pa agogo, iwo n'kumugwira pamutu. "Walowa, mwanawe. Kuno n'kwanu."

Anthu atayamba kudya, Leticia anatenga gitala kuti akaipachike. Nyimbo yake ija, imene anakonzera mchimwene wake, sanaitchulenso. Agogo anamugwira mkono n'kumukhazika pafupi.

"Pali munthu mmodzi," anatero. "A Bashiru. Ankaphika tiyi pamsika wa ku Mandimba, tsidya lija la malire, ndipo a Nelson atabwerera ankaimba nawo Lachisanu lililonse akatuluka kumzikiti. Ngati alipo wina amene anamva mawu a wayayu pa gitala ya a Nelson ndi makutu abwino, n'kumukunganso ndi manja ake, ndi iwowo. Ndinamva kuti anasamukira kumudzi, mkati kwambiri. Papita zaka zisanu ndi ziwiri ndisanamve za iwo."

"Ali moyo, agogo?" anafunsa Leticia mokweza.

"Sindikudziwa. Njira ndikuidziwa, koma ndikapita ndekha ndikangowaona pakamwa pakuyenda. Pakufunika makutu. Sukulu mutsekera liti?"

"Pakatha milungu isanu."

"Kwa nkhalamba milungu isanu ndi yambiri. Koma tidikira."

Leticia anayang'ana waya uja. "Nanga tikakawapeza ataiwala?"

A Pedro anayang'ana alendo amene ankasekerera ndi mbale zawo m'manja.

"Ndiye kuti ana ako adzachita ngati awa. Adzalulutira malo opanda kanthu, osadziwa kuti pamenepo panali munthu."

Leticia anaimirira. Anapachika gitala pamsomali mosamala, n'kupita kukafuna Mtendere pakati pa anthu ovina, kuti amufunse mapepala amene mwana wa sukulu amafunika powoloka malire.